HAKARU HASHIMOTO: DOKOTALA WA KUMUDZI AMENE ADATCHUKA ATAMWALIRA

M'mwezi wa Disembala chaka cha 1933, dokotala wina wa kudera la Iga, m'dziko la Japan, adapita kukaona wodwala kunyumba kwake monga mwa chizolowezi chake, pakuti sadali munthu wokana akaitanidwa. Pobwerera adali atatenga nthenda ya taifodi. Masiku amenewo kudalibe mankhwala opha tizilombo toyambitsa nthendayi, ndipo pa 9 Januwale 1934 iye adatsikira kulichete ali ndi zaka 52 zokha. Anthu a m'midzi ya kumeneko adalira dokotala wawo wa opaleshoni. Koma ntchito imene ikuchititsa kuti dzina la munthuyu lizitchulidwa lero m'zipatala za m'maiko onse idali isanadziwike ngakhale kwawo komwe. Dzina lake lidali Hakaru Hashimoto, ndipo nthenda ya chithokomiro imene iye adayamba kuilongosola imatchedwa ndi dzina lakelo mpaka lero.

Hakaru adabadwa pa 5 Meyi 1881 m'mudzi wa Midai, ku Nishitsuge, m'chigawo cha Mie. Adali mwana wamwamuna wachitatu wa Kennosuke Hashimoto, amenenso adali dokotala, pakuti banja limeneli lidali la ochiritsa kuyambira kwa makolo. Agogo ake aamuna adatchuka m'chigawocho chifukwa adaphunzira zachipatala za Azungu a ku Holland. Kwa zaka zopitirira 200 dziko la Japan lidali litatseka zipata zake, ndipo mwa Azungu onse, a ku Holland okha ndiwo ankaloledwa kuchita malonda pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Mabuku a zachipatala a ku Ulaya ankalowera pa khomo lopapatiza limeneli. Boma latsopano la mfumu Meiji litayamba mu 1868, atsogoleri adasankha kuti madokotala a m'dzikomo aziphunzitsidwa motsata njira za ku Germany. Motero mnyamata aliyense wofuna udokotala ankayenera kudziwa Chijeremani, ndipo zimene wapeza pa kafukufuku ankazilemba m'chiyankhulo chomwecho.

Atamaliza maphunziro ake ku Kyoto, Hakaru adalowa sukulu ya udokotala ya ku Fukuoka mu 1903, chaka chimene sukuluyo idatsegulidwa. Pa nthawiyo idali nthambi ya Kyoto Imperial University, ndipo mu 1911 idasanduka gawo la Kyushu Imperial University. Iye adamaliza mu 1907 pamodzi ndi gulu loyamba la ophunzira, kenaka adayamba ntchito m'chigawo cha opaleshoni pansi pa Pulofesa Hayari Miyake. Miyake adali katswiri amene adaphunzira ku Breslau kwa dokotala wotchuka Mikulicz, ndipo amakumbukiridwa monga mmodzi mwa oyamba kuchita opaleshoni ya ubongo ku Japan. Pansi pa mphunzitsi ameneyu Hakaru adaphunzira kuti ntchito ya dokotala wa opaleshoni siithera pa kusoka bala. Mnofu umene wachotsedwa m'thupi la wodwala uyenera kudulidwa tizidutswa topyapyala, kupakidwa utoto ndi kuonedwa pa maikulosikopu, kuti chimene chidavuta chidziwike.

Chithokomiro ndi ntchito yake

Anthu ambiri akamva mawu akuti chithokomiro amaganiza za chotupa cha pakhosi chokha. Zoona zake n'zakuti munthu aliyense ali ndi chiwalo chimenechi, ndipo chotupacho ndi chizindikiro chabe chakuti chiwalocho chavutika. Chithokomiro chili kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, ndipo chimaoneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Mwa munthu wamkulu chimalemera magalamu 15 mpaka 25. Ntchito yake ndi kutenga ayodini wochokera m'zakudya ndi kupanga mahomoni, ndipo yochuluka mwa iwo imatchedwa thyroxine. Mahomoni amenewa amayenda m'magazi kufika ku ziwalo zonse, ndipo amagwira ntchito yofanana ndi ya mvukuto pa moto wa wosula. Akachuluka, thupi limatentha, mtima umathamanga ndipo munthu amaonda ngakhale akudya. Akachepa, zonse zimazilala: mtima umagunda mwaulesi, matumbo amachedwa, khungu limauma ndipo maganizo amalemera.

Pamene Hakaru ankayamba ntchito, madokotala a ku Ulaya adali atadziwako zina za chiwalochi. Mu 1873 William Gull wa ku London adalongosola za amayi ena amene nkhope zawo zidatupa ndipo nzeru zawo zidayamba kuchedwa, ndipo mu 1878 William Ord adatcha vutolo myxoedema. Mu 1883 Theodor Kocher wa ku Bern, m'dziko la Switzerland, adaulula kuti odwala amene iye adawachotsa chithokomiro chonse adagwidwa ndi vuto lomwelo. Mu 1891 George Murray wa ku Newcastle adabaya mayi wina wa zaka 46 madzi ofinyidwa ku chithokomiro cha nkhosa. Mayiyo adachira, ndipo popitiriza kulandira mankhwalawo adakhala ndi moyo zaka zina 28. Pofika 1896 Eugen Baumann adali atapeza kuti m'chithokomiro muli ayodini. Chaka chomwecho Bernhard Riedel wa ku Germany adalemba za chotupa china cholimba ngati chitsulo, chimene chimamatirira ku minofu yoyandikana nayo. Komabe chimene chimaononga chithokomiro mwa anthu ambiri amene sadachitidwepo opaleshoni chidali chinsinsi.

Amayi anayi a ku Fukuoka

M'chipatala cha Miyake mudafika amayi anayi, pa nthawi zosiyanasiyana, onse a zaka 40 kapena kupitirira apo. Aliyense adali ndi chithokomiro chotupa mbali zonse ziwiri, cholimba ndithu pochikhudza, kotero kuti madokotala adaopa kuti mwina ndi khansa kapena nthenda ya Riedel ija. Onse adachitidwa opaleshoni yochotsa gawo la chithokomirocho, ndipo ntchito yopenda minofuyo idagwera Hakaru. Munthu wina akadatha kulemba kuti si khansa, n'kutseka buku. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamatayu adayang'ana tizidutswa tija mobwerezabwereza, kutiyerekeza ndi ta odwala ena, mpaka adatsimikiza kuti zimene akuona sizidalembedwepo m'buku lililonse.

Adapeza zinthu zinayi zimene zidali mwa amayi onsewo. Choyamba, m'kati mwa chithokomiro mudali timagulu tozungulira ta maselo oyera a magazi, tofanana ndi timene timapezeka mu mwanabere, pamalo pamene sitiyenera kupezeka. Chachiwiri, maselo a chithokomiro enieniwo, amene amapanga mahomoni, adali atasintha maonekedwe ndipo ambiri adali akufota. Chachitatu, maselo oyera aja adali atamwazikira m'chiwalo chonse. Chachinayi, pamalo pamene maselo abwino adafa padali patamera mnofu wolimba wonga wa chipsera. Iye adaonanso kuti zotupazi sizidamatirire ku minofu yoyandikana nazo monga imachitira nthenda ya Riedel, ndiponso kuti ena mwa amayiwo adaonetsa zizindikiro za kuchepa kwa mahomoni opaleshoni itachitika.

Mu 1912, ali ndi zaka pafupifupi 31, adasindikiza zimene adapezazo m'magazini ya madokotala a opaleshoni ya ku Germany yotchedwa Archiv für klinische Chirurgie. Nkhaniyo idali ya masamba 30 ndi zithunzi zisanu, ndipo nthendayo adaitcha struma lymphomatosa, kutanthauza chithokomiro chotupa chodzala ndi maselo a mtundu wa mu mwanabere. Chofunika kuchiona m'nkhani imeneyi ndi kudziletsa kwa mlembi wake. Adalongosola mwatsatanetsatane zimene maso ake adaona, adanena molimba mtima kuti iyi ndi nthenda yapayokha, ndipo adaganiza kuti payenera kukhala chinthu china chimene chimaitanira maselo oyerawo m'chithokomiro. Koma sadapeke dzina la chinthucho. Adasiya funsolo lili lotseguka kuti ena adzaliyankhe, ndipo padapita zaka 44 lisanayankhidwe.

Nkhondo ndi ulendo wobwerera kumudzi

Chaka chomwecho cha 1912 Hakaru adapita ku Germany kukapitiriza maphunziro pa sukulu ya ukachenjede ya Göttingen, pansi pa Pulofesa Eduard Kaufmann. Kumeneko sadapitirize za chithokomiro, koma adafufuza za TB yogwira impso ndi njira ya mkodzo. Nkhani yake ija idawerengedwa ndi akatswiri a ku Germany, koma ambiri mwa iwo adaipeputsa. Iwo adati zimene mnyamata wa ku Japan adaonazo ndi chiyambi chabe cha nthenda ya Riedel, ndipo odwala anayi ndi ochepa kwambiri kuti munthu atchulirepo nthenda yatsopano. Mu Ogasiti 1914 nkhondo yaikulu yoyamba idabuka, ndipo dziko la Japan lidalowa nkhondoyo kumbali ya adani a Germany. Hakaru adachoka m'dzikomo, adadzera ku London, ndipo adafika kwawo mu 1915.

Munthu wa maphunziro otere akadatha kuyembekeza mpando wa upulofesa mumzinda waukulu. Koma banja lake lidamfuna kumudzi, ndipo mu 1916, ali ndi zaka 35, adabwerera ku Iga kukatenga chipatala cha makolo ake. Mu 1917 Kyushu Imperial University idampatsa digiri yapamwamba ya udokotala. Pambuyo pake adakwatira ndipo adabereka ana anayi. Sadalembenso kanthu kena ka chithokomiro. Zaka 18 zimene zidamtsalira adazithera pa odwala a m'midzi. Mbiri yake ya opaleshoni ya m'mimba idafika kutali, ndipo anthu ankabwera kuchokera m'madera ena. Amene sankatha kufika kuchipatala ankawatsata kunyumba pa galeta lokokedwa ndi munthu, ngakhale kudera lamapiri, ndipo nthawi zina opaleshoni ankachitira m'nyumba ya wodwalayo. Adali wopembedza wa Chibuda wokhulupirika, ndipo amphawi sankawaumiriza kulipira. Ulendo umodzi wa mtundu umenewu ndiwo udamtengera imfa. Mankhwala a chloramphenicol, amene adayamba kupulumutsa odwala taifodi, adagwiritsidwa ntchito koyamba pa nthendayi mu 1948, iye atagona m'manda zaka 14.

Mmene choonadi chidatulukira

Hakaru akali moyo, mu 1931, madokotala awiri a ku Cleveland m'dziko la America, Allen Graham ndi E. P. McCullagh, adapenda odwala awo ndipo adatsimikiza kuti struma lymphomatosa ndi nthenda yosiyana ndi ya Riedel, monga momwe iye adanenera. Kuyambira pamenepo dzina la Hashimoto lidayamba kuoneka m'magazini a madokotala a ku America ndi ku Britain, ndipo mu 1939 dokotala wa opaleshoni wa ku London, Cecil Joll, adalemba nkhani yaitali imene idakhazikitsa dzinalo. Ku Japan kwenikweniko dzinali lidachedwa kudziwika. Nkhani ija idali m'Chijeremani, m'magazini ya kunja, ndipo mlembi wake adali atasowa m'mabwalo a akatswiri. Madokotala a m'dzikomo adayamba kumva bwino za iye nkhondo yachiwiri itatha, pamene ankawerenga mabuku a Chingerezi ndi kupezamo dzina la munthu wa kwawo.

Funso limene iye adasiya lidali lovuta chifukwa cha chikhulupiriro chimene akatswiri adali nacho. Kuyambira m'masiku a Paul Ehrlich, cha m'ma 1900, ambiri ankaphunzitsa kuti chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi tizilombo tochokera kunja tokha, ndipo sichingaukire thupi la mwini wake. Mu 1956 chikhulupiriro chimenechi chidagwa. Ku Buffalo, m'dziko la America, Noel Rose ndi Ernest Witebsky adabaya akalulu madzi ochokera ku chithokomiro cha kalulu, ndipo chitetezo cha akaluluwo chidaukira zithokomiro zawo zomwe. Pa maikulosikopu zithokomirozo zidaoneka ngati za amayi anayi a ku Fukuoka aja. Chaka chomwecho, ku Middlesex Hospital mumzinda wa London, Ivan Roitt, Deborah Doniach ndi anzawo adapeza m'magazi a odwala nthenda ya Hashimoto tizida ta chitetezo, totchedwa antibody, tolimbana ndi thyroglobulin, chinthu chimene chithokomiro chimasungiramo mahomoni ake. Apa padadziwika kuti chimene chimaitanira maselo oyera m'chithokomiro si kachilombo ayi. Ndi asilikali a m'thupi amene asokonezeka, nayamba kuona chiwalo cha mwini wawo ngati mdani. Nthenda ya Hashimoto idakhala imodzi mwa nthenda zoyamba kutsimikizidwa kuti zimayamba motere, ndipo idathandiza madokotala kumvetsa zina za mtundu womwewo, monga shuga wa mtundu woyamba.

Mankhwala nawonso adabwera kudzera m'manja ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pa tsiku la Khirisimasi mu 1914, Edward Kendall wa ku Mayo Clinic adapatula thyroxine kuchokera ku zithokomiro za nyama. Mu 1926 Charles Harington wa ku London adapeza mmene thyroxine adapangidwira, ndipo mu 1927 iye ndi George Barger adampanga m'nyumba yoyesera zinthu popanda nyama. Mu 1949 kudapezeka njira yopangira mankhwalawa ambirimbiri m'fakitale, ndipo ndiwo mapiritsi a levothyroxine amene odwala amamwa lero. Mu 1952 Jack Gross ndi Rosalind Pitt-Rivers adapeza homoni yachiwiri, yotchedwa T3, imene ndi yamphamvu kuposa thyroxine, ndipo thupi limaipanga lokha kuchokera ku thyroxine yemweyo.

Mmene nthendayi imadziwikira lero

Pa dziko lonse, chimene chimatupitsa chithokomiro mwa anthu ambiri ndi kusowa ayodini m'zakudya, makamaka kumadera amapiri ndi akutali ndi nyanja zamchere. N'chifukwa chake ku Malawi, ku Zambia ndi m'maiko ena mchere wogulitsa umathiridwa ayodini. Koma kumene ayodini ndi wokwanira, nthenda ya Hashimoto ndiyo imatsogola pa zochepetsa mahomoni a chithokomiro. Mavuto awiriwa sayenera kusokonezedwa. Wosowa ayodini amathandizidwa ndi mchere uja, pamene wodwala nthenda ya Hashimoto sachira nawo, ndipo akamwa ayodini wochuluka kupitirira muyeso vuto lake likhoza kukula. Nthendayi imagwira akazi kuposa amuna, mwina akazi 7 mpaka 10 pa mwamuna mmodzi, makamaka a zaka za pakati pa 30 ndi 50, ngakhale kuti ana a sukulu ndi okalamba amaidwalanso. Imayenda m'magazi a pabanja, koma si yopatsirana.

Kuopsa kwake n'kwakuti imabwera mwakachetechete, pa miyezi ndi zaka. Wodwala amatopa popanda ntchito, amamva kuzizira ena akumva kutentha, amadzimbidwa, amanenepa pang'ono ngakhale sakudya kwambiri, khungu limauma, tsitsi limathothoka, mawu amasasa ndipo nkhope imatupa makamaka m'zikope. Amaiwalaiwala ndipo amakhala wokhumudwa. Mayi amasamba mosalongosoka kapena mochuluka, amavutika kutenga pathupi, mwinanso kupita padera. Mwana amaleka kutalika, ndipo amene adali wochangamuka amayamba kusinza m'kalasi. Chilichonse mwa zizindikiro zimenezi chikhoza kukhala ndi chifukwa china, ndipo pachifukwa chimenechi odwala ambiri amatchedwa aulesi, okalamba msanga kapena olodzedwa, pamene vuto lili pakhosi pawo. Ena chithokomiro chimatupa, koma ena chimafota osaoneka kanthu kunja.

Chimene chimathetsa kukayika ndi kuyeza magazi. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kamagwira ntchito ngati kapitawo wa chithokomiro. Kachiwaloka kamatumiza homoni yotchedwa TSH yolamula chithokomiro kuti chigwire ntchito. Wantchito akafooka kapitawo amakweza mawu, ndipo chimodzimodzi chithokomiro chikafooka TSH amakwera m'magazi. Mwa munthu wamkulu wabwinobwino muyeso wake umakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0, ngakhale kuti malire amasiyanako malinga ndi chipatala. Njira yoyezera TSH m'magazi idapezeka mu 1965, ndipo lero ndiyo imayamba kuchitidwa. TSH akapezeka wokwera, dokotala amayeza thyroxine, amene pa pepala la zotsatira amalembedwa kuti T4. TSH wokwera pamodzi ndi T4 wotsika ndiwo umboni wakuti chithokomiro chalephera. Pofuna kudziwa ngati gwero lake ndi nthenda ya Hashimoto, amayeza tizida tija tolimbana ndi chinthu cha m'chithokomiro chotchedwa TPO, ndipo timapezeka mwa odwala pafupifupi 9 pa 10 alionse. Khosi likakhala ndi kachotupa kokayikitsa amaliunika ndi makina a sikani, ndipo nthawi zina amatengako maselo ndi singano yopyapyala. Motero zimene Hakaru adaziona mpeni utadutsa, lero zimadziwika ndi magazi ochepa a pamkono.

Chithandizo chake

Palibe mankhwala obwezeretsa maselo a chithokomiro amene adafa, koma chimene maselowo ankapanga chikhoza kubwezeredwa. Wodwala amamwa piritsi la levothyroxine kamodzi pa tsiku. Munthu wamkulu amene chithokomiro chake chalepheratu amafuna pafupifupi mamaikulogalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kotero kuti wolemera makilogalamu 60 amamwa pafupifupi 100. Okalamba ndi odwala mtima amayamba ndi 25 kapena 50, n'kumakweza pang'onopang'ono, chifukwa mtima umene udazolowera kuyenda mwaulesi sufuna kudzidzimutsidwa. Piritsili limamwedwa ndi madzi m'mimba muli mopanda kanthu, mphindi 30 mpaka 60 munthu asanadye cham'mawa. Mapiritsi oonjezera magazi, a kashiamu ndi ena oziziritsa chilungulira amalepheretsa mankhwalawa kulowa m'magazi, choncho amayenera kutalikirana nawo maola anayi.

Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, pakuti theka lake limatha pakapita sabata imodzi. N'chifukwa chake wodwala sachira tsiku limodzi, ndipo TSH amayezedwanso pakapita masabata 6 mpaka 8 muyeso ukasinthidwa. Muyeso woyenera ukapezeka, kuyezetsa kamodzi pa chaka kumakwanira. Ambiri amamwa moyo wawo wonse, ndipo cholakwa chimene chimachitikachitika ndi kusiya mankhwala munthu akayamba kupeza bwino. Zizindikiro zimabwerera pang'onopang'ono, ndipo nthenda ikalekereredwa zaka zambiri ikhoza kufooketsa mtima, kuchulukitsa mafuta m'magazi, ngakhale kukomola munthu mpaka kufa. Kumwa mopitirira muyeso nakonso n'koopsa, chifukwa kumathamangitsa mtima ndi kufewetsa mafupa, ndipo mapiritsi amenewa si ochepetsera thupi ayi.

Si aliyense wopezeka ndi tizida tija amene amafunika mankhwala. Ena chithokomiro chawo chimagwirabe ntchito bwino, ndipo amangoyezedwa nthawi ndi nthawi. Ena TSH amakwera pang'ono T4 ali bwinobwino, ndipo madokotala ambiri amayambitsa mankhwala TSH akapitirira 10, kapena ngati pali zizindikiro, kapena ngati mayi akufuna kutenga pathupi. Mayi woyembekezera ndiye ayenera kusamalidwa koposa, chifukwa m'miyezi yoyambirira ubongo wa mwana umadalira thyroxine wa mayi wake. Mayi amene amamwa kale levothyroxine sayenera kusiya, ndipo kawirikawiri muyeso wake umakwezedwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu akangodziwa kuti ali ndi pathupi. Opaleshoni, imene amayi a ku Fukuoka adachitidwa, lero imachitika pokhapokha chotupa chikamatsamwitsa munthu kapena pakakhala mantha a khansa.

Pa bwalo la chipatala cha Kyushu University ku Fukuoka pali msewu wotchedwa dzina la Hashimoto, ndipo bungwe la madokotala a chithokomiro la Japan Thyroid Association lidaika nkhope yake pa chizindikiro chake. Mu 2012 akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana adasonkhana mumzindawo kukumbukira zaka 100 chisindikizidwire nkhani yake. Ulemu wonsewu iye sadauone. Pa chithokomiro adalembapo nkhani imodzi yokha, yochokera pa odwala anayi, ndipo akatswiri a m'masiku ake adaikana. Idapirira chifukwa adalemba zokhazo zimene adaona, mosaonjezera ndi mosachotsera, kotero kuti anthu amene adabwera pambuyo pake ndi zida zabwino adapeza zonse zili monga adanenera. Wophunzira amene wamaliza sukulu ndi kubwerera kumudzi, ndiponso mphunzitsi amene akugwira ntchito kutali ndi mzinda, angapeze chilimbikitso pa moyo wa munthu ameneyu. Ndipo ngati m'kalasi muli mwana amene waleka kukula nayamba kusinza, kapena pakhomo pali mayi amene wakhala akutopa ndi kumva kuzizira chaka chathunthu, asanatchedwe waulesi ndi bwino apite kuchipatala akapemphe kuti amuyeze TSH.